Kukawombola Chikopa cha Ng'oma ku Indianapolis

Basi ya ku Indianapolis inkanyamuka 6:40 m'mawa pa siteshoni ya pabwalo la ndege ku South Bend, koma ine ndinafika 6 koloko isanakwane, ngati kuti kulawira kwangako kukanamufulumizitsa dalaivala. Linali Loweruka la kumayambiriro kwa Malichi, sinowo atada ndi matope m'mbali mwa misewu. Galimoto yanga inali itakana kulira chiyambire Lachitatu chifukwa cha kuzizira. Ndinagula tikiti yopita ndi kubwera ya madola 48, n'kukhala pabenchi nditavala majekete awiri. Amene anandiona ankangoti ndikuthamangira wodwala. Chikhalirecho ndinkathamangira chikopa cha mbuzi.

Ndiyambe ndaulula mlandu wanga. Pagulu lathu la mapemphero la Amalawi ku South Bend tili ndi mkulu wathu, Bambo Chikakuda, ndipo iwowa ali ndi ng'oma imene anasema malemu bambo awo ku Dedza. Anabwera nayo pandege ataifungata ngati khanda. Atandisankha kukhala wosunga katundu wa kwaya, ng'omayo inabwera kunyumba kwanga. Ine ndinakulira ku Chilomoni, ndipo zonse zimene ndinkadziwa za ng'oma n'zakuti amaiwamba pamoto isanaimbidwe. Ndiye mwanzeru zangazo ndinaiika pafupi ndi hita kuti izikhala yofunda nthawi zonse. Tsiku lina m'Januwale, pobwera ku ntchito kuchipatala, ndinapeza chikopa chitang'ambika pakati penipeni. Ndinaima kakasi pakhomo, nsapato zili kuphazi. Chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi chinali kumapeto kwa Malichi, ndipo Bambo Chikakuda anali atauza aliyense kuti tsiku limenelo adzaimba okha ng'oma ya bambo awo.

M'malo mokawauza, ndinaganiza zokonza mwakabisira. Anzathu atakagula mbuzi kwa mlimi wina kum'mawa kwa mzinda, ine ndinasiya kulimbirana chiwindi n'kupempha chikopa. Chinali chofiirira, chokhala ndi banga loyera pamsana. Ndinachiyala pansi m'bafa, ndikuvundikira ng'oma pamwamba pake, n'kuzunguliza mzere ndi cholembera chakuda kuti ndione ngati chingakwane. Chinakwana. Ndinachithira mchere n'kupatsira Tamara, namwino mnzathu wokhala ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, amene ankadziwa malo akalekale ofufutira zikopa ku Indianapolis. Atafika kumeneko anandiimbira.

"Achimwene, ndikufila fomu apa. Akufunsa kuti mukufuna chofewa kapena chotani?"

"Chofewa kwambiri, achemwali," ndinayankha monyada. "Achifufute bwinobwino, za mtengo zisakudetseni nkhawa."

Patapita masabata awiri, Lachisanu madzulo, ndinagula khadi ya foni n'kuimbira amalume anga kumudzi kuti andiphunzitse kukunga ng'oma. Ndinawafotokozera zonse.

"Wati wachipereka kuti achifufute?" anafunsa. "Ukusoka nsapato kodi iwe? Chikopa cha ng'oma safufuta! Amangochipala, kuchikhoma n'kuchiumitsa basi. Chofufuta sichilira, chimangoti bwefu bwefu ngati ukumenya pilo."

Ndinaimbira kofufutira zikopa kuja, koma anayankha ndi makina: ofesi yatsekedwa mpaka Lolemba, Loweruka amalandira alendo odzaona malo nthawi ya 11 koloko. Tamara anandiwerengera lisiti, ndipo inkati chikopa changa chilowa m'dzenje la madzi a makungwa ofufutira Loweruka lomwelo masana. Iye anali pa shifiti ya tsiku lonse. Mlimi uja anali atanena kale kuti alibenso mbuzi yokhwima mpaka Pasaka atadutsa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. N'chifukwa chake ndinali pabenchi paja.

Tinanyamuka mochedwa ndi mphindi khumi, n'kulowa msewu wa 31 wolunjika kum'mwera. Amene sanauyendepo asadandaule, sanaphonye kanthu. Ndi minda ya chimanga yokololedwa kale, yathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, apa ndi apo nkhokwe zachitsulo zazitali ngati nsanja za tchalitchi. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire wachikuda, wovala chipewa chofiirira, amene ankapita kukaona mng'ono wake. Titadutsa Plymouth anatsekula kabokosi ka mabisiketi n'kundigawira.

"Mwana wanga, wayang'ana wotchi kasanu tsopano. Ndani akudwala?"

"Palibe, mayi. Ndikuthamangira chikopa cha mbuzi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinawafotokozera nkhani yonse, ndipo anamvetsera osaseka ngakhale pang'ono.

"Ndapemphererapo zinthu zambiri m'moyo wanga," anatero pomaliza, "koma mbuzi yakufa kale ndi koyamba. Komabe Ambuye sasankha." Anatseka maso n'kupemphera ndithu, milomo ikugwedera. Atatsegula anawonjezera kuti, "Koma mkulu wakoyo ukanangomuuza." Ndinayang'ana pazenera ngati ndaona chinthu chachilendo m'minda muja.

Ku Kokomo tinafika cha m'ma 8:30. Masiku amenewo msewuwo unkadutsa m'kati mwa tauni, pakati pa masitolo ndi malo odyera, ndipo maloboti ake anali ngati anapangana. Lililonse limatiyembekezera kuti tiyandikire, kenako n'kufiira. Dalaivala analengeza kuti tipuma mphindi khumi ndi zisanu. Ndinagula khofi wa dola imodzi, wowawa ngati mankhwala a malungo, n'kubwerera kumpando ndisanamwe ndi theka lomwe, kuti mwina ena aone chitsanzo. Palibe anachiona. Dalaivala anasuta ndudu yake mpaka kumapeto, kenako n'kuyatsanso ina. Sindinadanepo ndi munthu wosalakwa ngati mmene ndinadanirana ndi bambo ameneyo m'mawa umenewo.

Tinalowa mu Indianapolis cha m'ma 10:20, kudutsa nyumba zikuluzikulu za anthu olemera, kenako nyumba zosanjikizana za pakati pa mzinda. Mayi aja potsika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Thamanga." Ndinakwera basi ya mumzinda ya dola imodzi ndi masenti 25, n'kusonyeza dalaivala kapepala kamene ndinalembapo adiresi.

"Kwa azikopa? Khalani pansi," anatero mayi woyendetsayo. "Simusowa kuti ndikuuzeni potsikira. Mphuno ikuuzani."

Sananame. Titawoloka njanji n'kulowa dera la mafakitale akale, ambiri otsekedwa, fungo linalowa m'basi zitseko zili chitsekere. Linali ngati la kuseri kwa malo ophera ng'ombe nthawi ya dzinja, losakanikirana ndi la utuchi wonyowa. Ndinatsika 10:50 kutsogolo kwa chinyumba cha njerwa zofiira zodetsedwa ndi utsi, cha nsanjika zitatu, mazenera ake aang'onoang'ono. Pakhomo panali alendo asanu ndi awiri, ambiri agogo opuma pantchito, ena atakoleka makamera m'khosi. Mayi wina wa zaka za m'ma 40, mwana wa mwini malowo, ankagulitsa matikiti a madola asanu.

Ndinayesa kumufotokozera kuti ine sindinabwere kudzaona malo, koma mawu anga ankatuluka mothithikana.

"Za zikopa za makasitomala amadziwa ndi bambo," anatero. "Ali kumaenje, ndipo kumeneko n'kumene ulendo wathu umathera. M'kati muno munthu salowa yekha, muli maenje ndi mipeni. Tikiti?"

Umu ndi mmene ndinakhalira mlendo wodzaona malo wosafuna. Anatigawira maswiti a timbewu tonunkhira kuti tiziyamwa, ati amachepetsa fungo. Agogo ena anatenga awiriawiri.

Kunena zoona, ndikanapita tsiku lina ndikanasangalala. Mayiyo ankaidziwa ntchito ya makolo ake, ndipo ankaifotokoza mosathamanga, zimene kwa ine zinali chilango. Chipinda choyamba chinali cha mchere, zikopa za ng'ombe ndi za agwape zitaunjikidwa mpaka m'chiuno. Chachiwiri munali zitsime za simenti mmene amaviika zikopa kuti mchere uchoke. Bambo wina wa kamera anafunsa mafunso anayi okhudza madzi okha. Ndinamuyang'ana ndi diso limene amayi anga ankatiyang'ana nalo tikamasokosa m'tchalitchi, koma iye anangondimwetulira.

Nthawi ya 11:25 tinafika pamene amapalira. Wantchito wina anali atayala chikopa pa chipika chopendekeka, chosalala chifukwa cha zaka, akuchipala ndi chimpeni cha zigwiriro ziwiri, mafuta ndi tinyama zikugwa pansi ngati makoko a chinangwa. Ine maso anali pa chikopa chilichonse, kufunafuna banga loyera lija. Kenako mayi uja anatisonyeza madzi oyera a laimu n'kunena kuti mmenemo ndi mmene ubweya wonse umathothokera. Kuyambira pamenepo zikopa zonse zinali zotuwa, zoterera, zofanana ngati ana a sukulu ovala yunifolomu. Ngakhale mbuzi yangayo ikanandidutsa pamaso sindikanaizindikira.

"Zikalowa m'makungwa zimakhalamo miyezi iwiri, zina mpaka chaka," anapitiriza mayiyo. Ndinawerengera m'mutu. Ndiye kuti ngakhale chikopa cholakwikacho chikanatuluka chinkhoswe chitatha kalekale. Ndinali nditalakwitsa kawiri m'chinthu chimodzi, zimene si aliyense angakwanitse.

Tinatsika masitepe amiyala 11:45. Pansi pake panali chipinda chachitali chamdima pang'ono, chokhala ndi maenje m'mizere iwiri, odzaza madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kumapeto kwake kunali nkhalamba ina yayitali, yovala epuloni ya labala ndi majombo, itagwira mtengo wautali wokhala ndi ngowe. Sinadikire masana. Inali itayamba kale kumiza zikopa, ndipo pangolo pake panali patatsala zitatu zokha.

Ulemu wonse umene anandiphunzitsa makolo unathawa. Ndinakankha bambo wa kamera uja n'kuthamanga pakati pa maenje ndikukuwa kuti, "Imani! Chonde imani! Mbuzi yanga!" Mayi uja anakuwanso kuti ndisathamange. Nkhalambayo inangotembenuka pang'onopang'ono, chikopa chikulendewera pangowe.

"Mbuzi yake iti?"

Ndinatchula dzina la Tamara ndi tsiku limene anabweretsa chikopacho. Anakwinya nkhope kuganiza. Kenako anatsamiritsa mtengo uja kukhoma.

"Aa, mbuzi ya mzere wozungulira. Ndiwe iweyo? Tiye."

Anasiya alendo aja ndi mwana wake n'kunditsogolera pa masitepe amatabwa mpaka nsanjika ya pamwamba, kumene amayanika zikopa. Ankakwera ngati munthu amene sanathamangirepo kanthu chibadwire. Kumwambako kunali mphepo yozizira yolowera m'mazenera otsekula. Pakona, pa felemu yamatabwa, panali chikopa chofiirira chokokedwa ndi zingwe mbali zonse, ubweya wake uli pomwepo, banga loyera lili pamsana.

Ndinakhala pa chidebe chovundikira chimene chinali pafupi, n'kugwira kumaso. Sindichita manyazi kunena kuti misozi inalengeza.

"Fomu yako inati chofewa," anatero mkuluyo. "Koma nditachitembenuza ndinapeza mzere uwu." Anazungulira kuseri n'kuloza ndi chala chake chakuda ndi makungwa. Mzere wanga uja unkaonekabe, wokhotakhota. "Ndagwira ntchito ino kuyambira ndili mnyamata. Wofuna magolovesi kapena chikwama sajambula mwezi pachikopa. Ndinati ameneyu akufuna kuphimba chinthu cholira. Ndinaimba foni kawiri pa nambala ya pafomu, osayankhidwa. Ndiye ndinangochitsuka, kuchipala n'kuchikoka. Ndikanalakwitsa, bwenzi ukanangochedwa. Koma chikopa chikalowa m'dzenje muja sichibwereranso."

Anachigogoda ndi chala chapakati. Chinalira kuti du, liwu louma, lomveka bwino, lomwe linayenda m'chipinda monse. Ndinaseka ngati wopenga, naye anaseka pang'ono.

Akumasula zingwe anandifunsa kuti, "Adzachiike pang'omapo ndani?"

"Ineyo."

"Unayamba wachitapo?"

"Ayi. Koma amalume anga andiuza pafoni."

Analeka kumasula n'kundiyang'ana. "Mnyamata, uli ndi chikopa chimodzi. Ukachidula molakwika palibe mzere umene udzakupulumutse kachiwiri. Kodi kwanuko kulibe munthu amene manja ake anaigwirapo ntchitoyi?"

Munthuyo analipo mmodzi yekha mu South Bend yense, Bambo Chikakuda, ndipo ndi amene ndinali ndikumubisalira masabata asanu ndi limodzi. Mkuluyo anangogwedeza mutu ngati wamva yankho, n'kuika chikopacho pakati pa makatoni awiri aakulu, n'kumanga ndi chingwe.

Ndinatuluka panja 12:30 ndi katundu wanga wophwatalala ngati chitseko cha kabati. Apa m'pamene njala inakumbukira kuti ndilipo. Pafupi ndi poimira basi panali kanyumba kodyeramo, ndipo ndinaitanitsa chakudya chimene anthu a ku Indiana amanyadira: nyama ya nkhumba yosinjidwa mpaka kupyapyala, yokazinga, yaikulu ngati mbale, ndi kabanzi kakang'ono kali pakati ngati chipewa cha mwana pamutu pa munthu wamkulu. Madola asanu ndi limodzi. Ndinadya yonse. Tamara anandiimbira pa nthawi yake yopuma.

"Mwachipeza? Sanachidipe?"

"Chili pano, achemwali. Koma anakuimbirani kawiri kunyumba."

"Iii, nambala ija ndi iwowo? Ine ndimayesa ndi aja ogulitsa inshuwalansi, ndimangodiliti. Pepani achimwene!" Tinaseka mpaka wogulitsa chakudya anasuzumira.

Basi yobwerera inanyamuka 3:15. Dalaivala wake, wina osati wa ndudu uja, ananunkhiza makatoni anga n'kulamula kuti apite pansi kwa katundu. Ndinapempha kuti asawapsinje ndi masutikesi, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anatseka chitseko. Maloboti a ku Kokomo ulendo uno anali obiriwira pafupifupi onse, poti tsopano ndinalibe changu. Kunena zoona ndinkafuna kuti afiire. Mawu a mayi wa chipewa ndi a mkulu wa zikopa ankangosinthana m'mutu mwanga. Titadutsa Rochester, dzuwa likupendeka, ndinatulutsa foni n'kuimba nambala imene ndinkaiopa, ya Bambo Chikakuda.

"Bambo, ndi Fostino. Ndili m'basi, ndifika cha m'ma 7. Galimoto yanga yafa. Mungadzanditenge? Ndili ndi nkhani."

"Ndikupezani," anangotero.

Ndinawapeza ataimika galimoto pansi pa getsi, atavala chikhoti chawo chachitali. Ndinaika makatoni pa boneti, ndikuvula chipewa ngakhale kunkazizira, n'kunena zonse kuyambira pa hita mpaka pa mzere wozungulira. Ndinamaliza ndi mawu amene ankandilemera koposa: "Ndawononga chikopa chimene anaika malemu bambo anu ndi manja awo. Ndikhululukireni."

Bambo Chikakuda anamasula chingwe, n'kutulutsa chikopa chija, n'kuchiyang'anitsa mbali zonse ziwiri. Anachinunkhiza. Anachigogoda ndi chala ndendende ngati mmene anachitira mkulu uja, n'kutchera khutu.

"Amene anakonza ichi amaidziwa ntchito," anatero. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. "A Fostino, chikopa cha bambo anga chinang'ambika chaka choyamba nditangofika kuno. Ng'omayo ndinaiika pafupi ndi hita ine ndemwe, kuti isazizidwe. Chimene mwakhala mukulirachi chinali cha gwape wa ku Michigan. Anandipatsa ndi mzungu wina wosaka nyama amene ndinkagwira naye ntchito."

Ndinatsamira galimoto. Ndinapuma mpweya umene ndikuganiza kuti ndinali nditaugwira chiyambire Januwale.

"Bambo anga anasema mtengo," anapitiriza, kuseka kutatha. "Chikopa chimatha, timasintha. Chimene chandiwawa ine n'chakuti masabata onsewa mwakhala mukundipatsa moni patchalitchi, ndikufunsa za ng'oma, inu n'kumati ili bwino. Mukanabwera tsiku lomwelo, bwenzi titapita limodzi kwa mlimi uja."

Anabwezera chikopa m'makatoni mosamala, n'kuchigoneka pampando wakumbuyo.

Tikuyenda kulowera mumzinda, hita ya m'galimoto ikuwomba kumapazi, ndinkaganiza za ulendo wonsewo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya la madola 48 ndi tsiku lathunthu. Ndinapita mpaka ku Indianapolis kukafuna munthu wodziwa zikopa, pamene wina ankakhala misewu isanu ndi umodzi kuchokera kunyumba kwanga, ndipo Lamulungu lililonse ndinkamugwira chanza.

Atandiimikira pakhomo panga anatsitsa galasi. "Mawa m'mawa musanapite kutchalitchi muchiviike m'bafa, m'madzi ozizira. Tikaweruka ndibwera ndi zikhomo. Kukunga ng'oma ndi ntchito ya anthu awiri, wina kukoka, wina kukhoma. Inu mudzakoka." Anayamba kukweza galasi, kenako anaima. "Ndipo tikamaliza mudzaisungabe ndinu. Panopa mu South Bend muno tilipo awiri okha amene tikudziwa pamene ng'oma siyenera kukhala."